MOSES WA KU ETHIOPIA: WACIFWAMBA AMENE ANAPHUNZIRA KUKHALA CETE

Mwa anthu amene Mulungu anawaitana kuti awete nkhosa zace m'zaka zoyamba za Mpingo, munali ana a Afrika ambiri. Mmodzi wa iwo ndiye Moses, munthu wakuda, amene anabadwa pafupi ndi caka ca 330, nakhala m'dziko la Egypt, lomwe Buku Lopatulika limalicha Aigupto. Uyu si Mose uja wa Cilamulo, koma mnzace wa dzina, amene anadza patapita zaka mazana ambiri. Mabuku akale amamucha wa ku Ethiopia, pakuti ndimo anthu a masiku aja anali kuchulira anthu akuda ocokera kumwera kwa Egypt. Iye sanalemba buku, kapena kulalikira pamaso pa mafumu. Cimene Mpingo umkumbukira naco kufikira lero ndi ici: anadziwa nthawi yakutseka pakamwa, nadziwanso kukhululukira wocimwa. Zinthu ziwirizi zinaphuka pa muzu umodzi, ndiwo wakuti sanaiwala konse kuti iye mwini anali munthu wokhululukidwa.

Mbiri yace inatifika mwa Palladius, munthu amene anakhala zaka zambiri pakati pa Akristu a m'cipululu ca Egypt, nadzakhala bishopu pambuyo pace, nalemba za iwo pafupi ndi caka ca 420. Zina zinasungika m'buku la mau a makolo a m'cipululu, limene ophunzira ao anasonkhanitsa.

Kapolo ndi wacifwamba

Pa unyamata wace Moses anali kapolo wa mkulu wina wa boma. Mbuye waceyo anamcotsa pakhomo cifukwa ca kuba ndi makhalidwe oipa, ndipo kunamveka mbiri yakuti manja ace anakhetsanso mwazi. Popeza anali wamtali ndi wamphamvu yoposa anzace, sanacedwa kukhala mtsogoleri wa gulu la acifwamba.

Nkhani imodzi itionetsa mtima wace wa masiku amenewo. Usiku wina, alikupita kukaba, mbusa wa nkhosa ndi agalu ace anamsokoneza, ndipo anabwera cimanjamanja. Moses anamsungira mbusayo cakukhosi, natsimikiza mtima kumupha. Pakumva kuti alikudyetsa nkhosa tsidya lija la mtsinje wa Nile, sanasamala kuti madzi anali atasefukira, ndi kuti kufikira tsidya linalo kunali ngati mailo imodzi. Analuma lupanga ndi mano, namanga zobvala zace pamutu, nasambira. Mbusayo anamuona akali m'madzi, nabisala mumcenga. Posampeza, Moses anasankha nkhosa zamphongo zinai zonenepa, nazipha, nazimanga ndi cingwe, naoloka nazo. Nyama anadya, zikopa anagula nazo vinyo, nayenda mamailo 50 kubwerera kwa anzace.

Wotere ndiye munthu amene Mulungu anafuna kumsandutsa mbusa wa miyoyo: munthu wosakhoza kukhululukira ngakhale kuuwa kwa galu.

Ku Scetis

Patapita nthawi, tsoka lina linamgwera, ndipo mtima wace unasweka. Anasiya anzace, nathawira kwa Akristu odzipatula okhala m'cipululu. Masiku amenewo mazunzo akulu a Akristu anali atatha, kuyambira caka ca 313, ndipo amuna ambiri, poona kuti Cikristu cayamba kupepuka m'midzi, anapita kukakhala kwa okha kuti apemphere. Malo amodzi otere anali cigwa ca Scetis, cimene lero cichedwa Wadi El Natrun, mamailo ngati 60 kucokera ku Cairo. M'cigwamo muli timaiwe ta mcere wonga cidulo. Woyamba kukhalamo anali Macarius, pafupi ndi caka ca 330.

Munthu ali yense anali ndi kanyumba kace. Anali kuluka madengu ndi zingwe za masamba a kanjedza, nazigulitsa kuti apeze mkate. Masiku asanu anali kukhala yekha, kugwira nchito ndi kuloweza Masalmo; Loweruka ndi tsiku la Ambuye onse anasonkhana m'chalichi, nalandira Mgonero, nadyera pamodzi. Akulu ao anali kuwachula Abba, ndiko kunena Atate.

Kumeneko Moses anapeza wansembe wokalamba, dzina lace Isidore. Mkulu ameneyu anali ndi mbiri yakuti, wina akatopa ndi mbale waulesi kapena wamwano, nafuna kumcotsa, iye anali kupempha kuti abwere naye kwa iye, namciritsa ndi kuleza mtima kwace. Moses anafunadi munthu wotere, pakuti moyo wakale sunamleka msanga. Zilakolako za thupi zinamsautsa kolimba, kotero kuti anangotsala pang'ono kubwerera kudziko. Anali kupita kwa Isidore kawirikawiri, ngakhale pakati pa usiku, namuululira zonse za mumtima, zonyansa zomwe. Isidore sanaipidwa naye kapena kumthamangitsa. Anamvetsera, namyankha ndi mau owerengeka. Anamfanizira cilakolako ndi galu wozolowera pamalo ophera nyama: masiku oyamba sacokapo, koma akaona kuti patsekedwa ndipo palibe womponyera kanthu, potsiriza aleka kubwera.

Moses anamenya nkhondoyo monga mwa cikhalidwe cace, ndi mphamvu yonse. Zaka 6 anali kucezera kupemphera ali ciriri. Pambuyo pace anayamba nchito ina yamseri. Madzi anali kutali ndi nyumba za okalamba, ena mamailo 2, ena mamailo 5. Usiku iye anali kuyendera nyumbazo, natenga mitsuko mwakacetecete, nakaidzaza, naibweza eni ace asanadzuke. Tsiku lina anampeza ali gone pacitsime monga wakufa, ndipo anadwala caka cathunthu. Pamenepo Isidore anamlangiza kuti aleke kulimbana koposa muyeso, ndi kuti afike ku Mgonero wa Ambuye mopanda mantha. Moses anazindikira tsono kuti mtendere udza mwa cisomo ca Kristu, si mwa mphamvu ya mkono iai. Anaphunziranso mwa Isidore macitidwe a kusamalira wocimwa, pakuti iye mwini anasamaliridwa comweco.

Acifwamba anai

Usiku wina acifwamba anai analowa m'kanyumba kace, osadziwa mwini wace. Mphamvu yace yakale inalipobe. Anawagwira onse anai, nawamanga pamodzi monga mtolo wa udzu, nawasenza kunka nao kuchalichi. Pamaso pa abale anafotokoza kuti iye saloledwanso kupweteka munthu, napempha kuti amuuze cocita nao. Anthu aja pakumva kuti wowamangayo ndiye Moses yemwe uja anali kuopsa dziko, anagwidwa mtima, nalapa, nakhala konko pamodzi ndi abale.

Tisunge bwino nkhani imeneyi, pakuti tidzabwererako. Moses sanabwezera coipa, koma sanalekereranso coipa. Anamanga manja akuba, napita nao poyera.

Cete pakutonzedwa

Tsiku lina kunali msonkhano ku Scetis, ndipo akulu ena, pofuna kumuyesa, anamnyoza pamaso pa onse cifukwa ca khungu lace, nafunsana cimene munthu wakuda afuna pakati pao. Moses anamva mau onse, osayankha kanthu. Msonkhano utatha, ena anamfunsa ngati mtima wace sunapweteke. Iye sanabisa: anabvomera kuti anabvutikadi, koma sanalankhula. Mau ace anawatenga m'Masalmo 77:4.

Pamene anamdzoza unsembe, bishopu wamkulu anambveka cobvala coyera, namuuza kuti tsopano wayera yense. Moses anayankha kuti kuyerako kuli kunja kokha, ndipo akhumba kuti kufike ndi m'kati momwe. Bishopuyo, pofuna kumuyesanso, anauza atumiki ace kuti amturutse m'malo opatulika ndi mau acipongwe, namtsate kuti amve cimene adzanena. Moses anaturuka, ndipo omtsatawo sanamva mau amodzi otemberera munthu. Anangomva alikudzicepetsa yekha.

Sitiyenera kutama amene anamuyesa motero. Kunyoza munthu cifukwa ca khungu limene Mulungu anampatsa ndi chimo, ngakhale wonyozayo akhale mkulu wa Mpingo, ngakhale anene kuti angoyesa. Cimene tiyenera kupenya ndi Moses mwini. Dzanja limene linanyamula anthu anai likadakhoza kutseka pakamwa pa ali yense m'nyumbamo. Kukhala cete kwace sikunali kwa munthu wamantha, kapena kwa munthu wosamva kuwawa. Anadziwa kuti mau oturuka mtima uli wotentha sakonza kanthu, ndipo anadziwa kumene mkwiyo wace unamfikitsa kale.

Momwemonso anakhala cete za ulemu wace. Woweruza wina wa boma anamva mbiri yace, nadza kudzamuona. Moses pakumva anacoka kunyumba, koma anakomana naye panjira. Mlendoyo atafunsa kumene akhala Abba Moses, iye anamuuza kuti asadzibvute, popeza munthuyo ngwopusa. Woweruzayo anafika kuchalichi, nafotokoza kuti wamva zimenezi kwa nkhalamba yaitali, yakuda, yobvala nsanza. Ndipo abale anamuuza kuti walankhula ndi Moses mwini wace.

Dengu la mcenga

Nkhani imene idziwika koposa ndi iyi. Mbale wina wa ku Scetis anagwa m'chimo, ndipo akulu anaitanitsa bwalo kuti amweruze. Anatuma mau kwa Moses, koma iye anakana kubwera. Wansembe anatumanso munthu kukamuuza kuti onse alikudikira iye. Pamenepo ananyamuka, natenga dengu lakale lobooka, nalidzaza mcenga, nalibereka kumsana. Abale poturuka kukamcingamira, anaona mcenga ulikutayika m'mbuyo mwace njira yonse, namfunsa tanthauzo lace. Iye anawauza kuti macimo ace alikutayika comweco kumbuyo kwace kumene sawaona, ndipo lero wadza kudzaweruza colakwa ca mnzace. Pakumva ici, akulu aja sananena kanthu kwa wocimwayo, koma anamkhululukira.

Taonani, Moses sanatsutsana ndi bwalo, sanati mbaleyo sanacimwa, sanadzudzula akulu anzace ndi ulaliki wautali. Anachula macimo a munthu mmodzi yekha, ndiye iye mwini, ndipo ali yense anakumbukira dengu lace. Makolo athunso anaziona zimenezi pamene anati anyani sasekana zikundu.

Ciphunzitso cace conse cinali cotero. Ananena kuti munthu amene asenza macimo ace alibe nthawi yakuwerenga a mnansi wace. Ndi kuti nkupusa kusiya maliro m'nyumba mwako, ndi kupita kukalira maliro a kwa eni. Mbale wina atadza kudzapempha mau a nzeru, anangomuuza kuti abwerere akakhale m'kanyumba kace, ndipo kanyumbako kadzamphunzitsa zonse.

Pamene sanakhala cete

Wina angayese kuti Moses anali munthu wamsunamo, wosafikirika. Si comweco. Ku Scetis kunali mkulu wina, Arsenius, wocokera ku Rome, wophunzira kwambiri, amene anatumikira kale kunyumba ya mfumu Theodosius. Ameneyu ndiye anali wosalankhula. Mlendo wina wocokera kutali anapita kukamuona. Arsenius anamlonjera, nakhala pansi, osanenanso kanthu, kufikira mlendoyo anacita manyazi, nacoka. Atamperekeza kwa Moses, iye anamlandira ndi cimwemwe, naceza naye, namlawira bwino. Mlendoyo ananena poyera kuti mwa awiriwo anakonda Moses. Akulu anabvomereza kuti onse awiri anali kutumikira Mulungu, yense monga mwa mphatso yace. Koma wolema ndi ulendo anapeza mpumulo kwa iye amene anali wacifwamba.

Nthawi ina kunalamulidwa kuti onse asale cakudya sabata lathunthu. M'sabata lomwelo alendo anafika kwa Moses, ndipo iye anakoleza moto, nawaphikira kacakudya. Anansi anaona utsi, nathamangira kukamnenera kwa ansembe. Moses sanadzikanira mlandu. Loweruka, pamaso pa msonkhano wonse, ansembe ananena kuti iye waswa lamulo la anthu, koma wasunga lamulo la Mulungu.

Apa tiona muyeso wace. Pa zolakwa za ena ndi pa zipongwe zomcitikira iye anatseka pakamwa. Pa macimo ace, ndi pamene munthu anafuna citonthozo, anatsegula.

Imfa yace

Moses anakalamba ku Scetis, nakhala ndi ophunzira 70. Pafupi ndi caka ca 405, ali ndi zaka 75, kunamveka kuti Amazices, mtundu wa m'cipululu ca kumadzulo, alikudza kudzafunkha cigwaco. Iye anauza abale kuti athawe. Atamfunsa cifukwa cace iye sathawa, anayankha kuti wakhala alikuyembekeza tsikuli zaka zambiri, nawakumbutsa mau a Ambuye onena za ogwira lupanga, olembedwa pa Mateyu 26:52. Abale 7 anakana kumsiya. Ankhondowo atafika, Moses sanatukula dzanja, ndipo anaphedwa pamodzi ndi anzacewo, kupatula mmodzi amene anabisala kuseri kwa mulu wa zingwe, ndiye anadzafotokoza zimenezi. Munthu amene anaoloka Nile ndi lupanga m'mano anafa wopanda cida ndi wopanda temberero pakamwa.

Akristu a ku Egypt asunga mafupa ace pamodzi ndi a Isidore m'nyumba ya odzipatula ya Baramous, m'cigwa comweco, ndipo mipingo yambiri imkumbukira pa 28 August.

Phunziro kwa ife

Abale ndi alongo mwa Ambuye, Mulungu sanatiitana tonse kuti tikakhale m'cipululu. Koma nchito ya Moses iri pakati pathu tsiku ndi tsiku. Akulu a mpingo, alaliki, amai a Cigwirizano, ndi Mkristu ali yense amene mnzace amdzera ndi mtima wolemedwa, onsewa aweta nkhosa. Mlaliki 3:7 atiphunzitsa kuti kukhala cete kuli ndi nthawi yace, ndi kulankhula komwe. Nanga nthawizo tidzazizindikira bwanji?

Poyamba, tisunge zimene munthu watiululira. Moses anacira cifukwa anapeza munthu womuuza zonse osacita mantha. Mai akauza mnzace za bvuto la m'nyumba mwace, ndipo mawa lace nkhaniyo imveka kucitsime ndi pamtondo, sadzaululanso kanthu kwa Mkristu ali yense. Adzanka nalo bvutolo kwa woombeza. Mlaliki amene atenga cinsinsi ca munthu nakacilalikira Lamulungu, ngakhale osachula dzina, wapasula cimene anayenera kumanga, pakuti m'mudzi onse adziwana.

Kaciwiri, tisafulumire kumasulira tsoka la mnzathu. Abwenzi a Yobu anacita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osanena kanthu. Analakwa pamene anayamba kufunafuna chimo limene linadzetsa masautso ace. Pamaliro ndi pamphasa ya wodwala, wotunga madzi ndi wotema nkhuni atonthoza koposa wonena kuti imfayi yadza cifukwa ca cakuti kapena ca uje. Mau otere agawanitsa mabanja, nadzutsa milandu ya ufiti imene ikhala zaka.

Kacitatu, tikanyozedwa pa nchito ya Ambuye, tisadzinyenge kuti sitimva kuwawa. Moses anabvomera kuti anabvutika. Tikapereke kuwawako kwa Mulungu, ndipo ngati pali mau oyenera kunena, tidikire mtima uzizire, ndi kukanena kwa mwini wace pa awiri, monga Mateyu 18:15 atilangiza.

Kacinai, pokhala pabwalo la mpingo, tikumbukire dengu la mcenga. Mpingo uyenera kulanga, koma cilango cace ncakubweza wosocera, monga Agalatiya 6:1 anena. Kumudzi timati mlandu suola, ndipo nthawi zina talowa nao mwambiwu m'nyumba ya Mulungu. Munthu alapa, atsiriza cilango cace, alandiridwanso ku Mgonero, koma zaka 10 zitapita tikali kumchula ndi chimo lace lakale, ndi ana ace omwe. Akristu a ku Scetis akadacita comweco, Moses akadafa akali kuchedwa wakuba, ndipo ophunzira 70 aja akadasowa mphunzitsi. Kukhululuka kwenikweni kuli ndi cete wace: mlandu wotha sitiufukulanso.

Potsiriza, tibwerere kwa acifwamba anai aja. Kulipo kukhala cete kwina kumene sikucokera kwa Mulungu. Mwana akaipitsidwa ndi wamkulu, mkazi akamamenyedwa usiku ndi usiku, wamasiye akalandidwa munda ndi mbuzi zace, ndalama za mpingo zikadyedwa, pamenepo wokhala cete athandiza woipayo, nataya wofookayo. Zotere ziyenera kufika kwa akulu, kwa mfumu, ndi kuboma kumene, monga mwa kukula kwa mlandu. Moses anakhululukira akuba aja, koma anayamba wawamanga manja, ndipo kulapa kwao kunadza atafika poyera. Tikhale cete pa zimene zipweteka ulemu wathu. Tisakhale cete pa zimene zipweteka iwo amene Mulungu anatipatsa kuti tiwasunge.

M'caka cimene tilikulowaci, ali yense wa ife adzaitanidwa kubwalo lina, kapena la mpingo, kapena la pabanja, kapena la mumtima mwace. Tisanapite kumeneko, tiyambe tapenya m'mbuyo, tione mcenga umene watayika m'njira mwathu, ndi kukumbukira Iye amene anatikhululukira. Wokumbukira cimeneci adzadziwa mau oyenera kunena ndi oyenera kumeza. Ambuye amene anasandutsa wacifwamba akhale mbusa aike mlonda pa milomo yathu, natipatse mtima wacifundo.